Kanyumba N'kanu, Nthaka ndi ya Boma: Mafunso Anu pa Tinyumba ta M'nkhalango za ku America

Mwezi uno makalata angapo achokera kwa owerenga athu okhala ku United States, ndipo onse akufunsa za chinthu chimodzi: tinyumba topumuliramo timene tinamangidwa m'kati mwa nkhalango za boma, komwe mabanja amakachezerako pa tchuthi. Tasankhapo mafunso amene akhudza mbali zonse za nkhaniyi.

Ndaona kanyumba kamatabwa kakutsatsidwa m'nkhalango ya Eldorado, kufupi ndi nyanja ya Tahoe. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi nyumba zina za m'deralo, koma wogulitsayo akuti malowo si ake. Nanga akundigulitsa chiyani? — Bambo wina, California

Bambo, akukugulitsani makoma, denga, khonde, mbaula ndi zonse zimene zinamangidwa pamalopo. Nthaka ya pansi pake siili pamalonda, ndipo sidzakhalapo. Ndi ya anthu onse a dzikolo, ndipo amaiyang'anira ndi a Forest Service, nthambi ya unduna wa zaulimi imene inakhazikitsidwa mu 1905. Chimene chimalola kanyumba kanu kukhala panthakapo ndi chilolezo chotchedwa special use permit, chomwe chimakhala cha zaka 20.

Dongosololi ndi lakalekale. Mu 1915 nyumba ya malamulo ya Congress inavomereza kuti anthu azipatsidwa malo osaposa maekala 5 m'nkhalango za boma kuti amangepo tinyumba ta m'chilimwe, ngakhale kuti mapuloti ambiri amene anadulidwa safika n'komwe ekala imodzi. Masiku amenewo boma linkachita kukopa anthu kuti abwere kunkhalango. Pofika m'zaka za m'ma 1960 maganizo anasintha, ndipo linasiya kudula mapuloti atsopano. Lero kwatsala tinyumba pafupifupi 14,000 m'dziko lonselo, ndipo California ndiyo ili ndi tambiri kuposa chigawo china chilichonse. Choncho simungapite ku ofesi kukapempha malo oti mumangepo. Njira ndi ziwiri zokha: kugula kanyumba kamene kalipo kale, kapena kukalandira ngati chuma chamasiye.

Mtengo watsika chifukwa cha nthakayo, komanso chifukwa cha ngongole. Mabanki ambiri sabwereketsa ndalama zogulira nyumba yomwe ili panthaka imene sangaigwire ngati chikole, motero ogula ambiri amalipira ndalama zonse pakamodzi, kapena amagwirizana ndi wogulitsa kuti azimulipira pang'onopang'ono. Ogula akachepa, mtengo umagwa.

Chinthu china muchidziwiretu tsopano lino, chifukwa ndi chimene chimapweteka mtima eni atsopano ambiri. M'kati mwa kanyumbako ndi mwanu, mutha kukhoma chitseko. Koma puloti yonse kunjaku ndi nkhalango ya anthu onse. Wopita kukawedza nsomba atha kudutsa pafupi ndi khonde lanu polowera kumtsinje, ndipo simungamuletse. Mpanda suloledwa, chikwangwani choletsa anthu kudutsa sichiloledwanso. Ngati mtima wanu ukufuna malo otchingidwa oti munthu asapondepo, kanyumba aka sikanu.

Tagwirizana kale mtengo ndi mwini wake. Kodi chilolezo chake chingosinthidwa dzina n'kulembedwa langa? — Mayi wina, Oregon

Ayi mayi, ndipo pamenepa m'pamene anthu amatayira ndalama. Chilolezo sichigulitsidwa ndipo sichisamutsidwa. Tsiku limene kanyumba kasintha mwini, chilolezo chakale chimafa, ndipo inu mumapempha chanu chatsopano. Nthawi zambiri chimaperekedwa popanda vuto, koma palibe lamulo lokakamiza ofesi kukupatsani ngati pamalopo pali zolakwika.

Musanapereke ngakhale dola imodzi, pitani ku ofesi ya District Ranger woyang'anira dera limenelo mukaonane ndi amene amasunga mafayilo a zilolezo. Pitani limodzi ndi wogulitsayo ngati n'kotheka. Pemphani kuona zinthu zitatu: chilolezo chimene chilipo panopa, ndondomeko ya kasamalidwe ka malowo imene imamatidwa kuchilolezocho, ndi lipoti la ulendo womaliza umene anthu a ofesi anayendera kanyumbako. M'lipotimo ndi mmene mumapezeka zobisika: shedi imene inamangidwa mwakabisira, khonde limene linakulitsidwa popanda kalata, chimbudzi chokumba chimene chili pafupi kwambiri ndi mtsinje, ndalama za chaka chatha zimene sizinalipidwe. Zonsezi zikapanda kukonzedwa malonda asanathe, zimagwera inu. Lembani mumgwirizano wanu kuti wogulitsa akonza zimenezi ndi ndalama zake, kapena achotsere pamtengo, ndiponso kuti malondawo adzatheka pokhapokha ofesi itavomera kukupatsani chilolezo.

Kenako nonse awiri mumasaina fomu ya FS-2700-3a. Mbali yoyamba ndi ya wogulitsa, wonena kuti akusiya chilolezo chake. Yachiwiri ndi yanu, yopempha chatsopano. Mumaphatikizapo kalata yosonyeza kuti mwagula kanyumbako, ndipo pamakhala ndalama yosinthira umwini imene lamulo linaiika pa madola 1,200, koma imakwera pang'ono chaka ndi chaka. Gwirizanani msanga kuti ailipira ndani.

Yang'ananinso tsiku limene chilolezo chikuthera. Wogula sapatsidwa zaka 20 zatsopano, amangopitiriza zimene zatsala. Zilolezo zambiri zimene zikugwira ntchito panopa zidzatha kumapeto kwa 2028, ndipo ofesi isanapereke zatsopano imafuna kuti kanyumba kalikonse kakhale kopanda mlandu.

Kodi pachaka munthu amalipira zingati? — Wowerenga, Colorado

Kale funso limeneli linkasowetsa anthu tulo. Pansi pa lamulo la chaka cha 2000, mwini kanyumba ankalipira 5 peresenti ya mtengo wa puloti yake chaka chilichonse. Puloti ya m'mbali mwa nyanja ikayesedwa kuti ndi ya madola 200,000, ndiye kuti pachaka madola 10,000, pamalo pomwe sungawagulitse kapena kukhalapo chaka chonse. Mabanja ambiri anayamba kufuna kugulitsa, ogula osapezeka. Eni tinyumba kudzera m'bungwe lawo la National Forest Homeowners anadandaula kwa zaka zingapo, mpaka mu Disembala 2014 panabwera lamulo la Cabin Fee Act.

Lamulo limeneli linagawa mapuloti onse m'magulu 11. Gulu lotsikitsitsa linayambira pa madola 650 pachaka, lotsatira 1,150, kenako 1,650, kumangowonjezera 500 mpaka kufika pa 5,650. Mapuloti 70 mwa 100 aliwonse ali m'magulu anayi oyambirira, kutanthauza kuti ambiri anayambira pa madola 2,150 kapena kucheperapo. Ziwerengerozi zimakwezedwa chaka chilichonse motsatira kukwera kwa mitengo ya zinthu, choncho bilu ya chaka chino idzakhala yoposa pamenepa. Gulu limatengera mtengo wa nthaka, osati kukongola kwa kanyumba. Mukasintha denga kapena kukonza khitchini, gulu lanu silikwera.

Musachedwe kulipira. Ngongole ikakhala masiku 90 kuchokera pa tsiku loikika, chilolezo chitha kutha chokha.

Pamwamba pa apo pali msonkho wa kukhonsolo ya dera, chifukwa kanyumbako ndi katundu wanu ngakhale nthaka ili ya boma. Ku California amakhometsanso msonkho pa ufulu wogwiritsa ntchito malo a bomawo. Palinso inshuwalansi, ndi chopereka cha kubungwe la eni tinyumba a m'dera lanu, lomwe nthawi zambiri ndi limene limakonza msewu, mlatho ndi thanki ya madzi. Boma silikukonzerani msewu wolowera kukanyumba kanu.

Ndatsala pang'ono kupuma pantchito. Ndikuganiza zogulitsa nyumba yanga ya m'tauni n'kukakhazikika kukanyumba kathu ka kunkhalango, kapena kumakachititsa lendi kwa alendo. Pali cholakwika? — Bambo wina, Washington

Zonse ziwiri zingakulanditseni chilolezo, bambo. Kanyumbako ndi kopumulirako basi, ndipo mwini wake ayenera kukhala ndi nyumba ina kumene amakhala masiku onse. Mukagulitsa ya m'tauniyo, mwaphwanya mfundo yaikulu ya chilolezo chanu. Mbali inayi, simuloledwanso kukasiya kali bwinja: muyenera kukagwiritsa ntchito masiku osachepera 15 pachaka, pokhapokha ofesi itakumverani chifukwa chomveka monga matenda.

Za lendi, malonda amtundu uliwonse ndi oletsedwa. M'nkhalango zambiri amalola kubwereketsa kwa masiku osaposa 14 pachaka, ndipo pamafunika kalata ya ofesi musanatero. Kukatsatsa pa Airbnb, tsamba la pa intaneti lochititsirapo lendi nyumba kwa alendo, ndiye kudziitanira mlandu, popeza nawonso ogwira ntchito ku ofesi intaneti amaiona.

Kanyumba kathu n'kakang'ono ndipo ana akula. Tikufuna kuwonjezera chipinda, kuika mawindo aakulu ndi kudula mtengo wa paini umene wapendekera kudenga. Tiyambire pati? — Banja lina, California

Yambirani pakalata, osati pasowo. Chilichonse chimene chisintha maonekedwe a kunja kwa kanyumba kapena chimene chikumba nthaka chimafuna chilolezo cholembedwa: chipinda, khonde, mawindo, malata, mtundu wa penti, thanki ya gasi, ngalande ya paipi, sola ya padenga. Mawu apakamwa a wantchito wa ofesi amene anangodutsa n'kunena kuti palibe vuto sadzakuthandizani iye akadzasamutsidwa. Safunsa anadya phula, ndipo pankhani imeneyi phulalo ndi kulamulidwa kugwetsa chimene mwamanga ndi ndalama zanu.

Lembani pempho lofotokoza chimene mukufuna, muikepo chojambula chokhala ndi miyeso, zithunzi za mmene malowo alili panopa, ndi mndandanda wa zipangizo ndi mitundu yake. Mitundu imene amavomereza ndi yosaonekera patali m'nkhalango: yofiirira ngati khungwa, yobiriwira modera, yotuwa. Malata onyezimira ndi penti yoyera amakana. Kukula kwa kanyumba kulinso ndi malire, omwe amasiyana malinga ndi chigawo, koma kawirikawiri amakhala pakati pa masikweya fiti 1,200 ndi 1,400, omwe ndi masikweya mita 110 mpaka 130. Funsani mmene amawerengera chipinda cha m'denga ndi khonde lofoleredwa, chifukwa m'malo ena zimenezo zimalowa m'chiwerengero.

Chimene chimachedwetsa kwambiri ndi zaka za kanyumbako. Pafupifupi tinyumba tonse tinapitirira zaka 50, choncho lamulo la 1966 loteteza zinthu zakale, National Historic Preservation Act, limafuna kuti katswiri aone kaye ngati kanyumbako, kapena mudzi wonse wa tinyumbato, kali ndi mbiri yofunika kusungidwa. Akapeza kuti kali nayo, mawindo anu aakulu a pulasitiki sadzaloledwa. Adzakuuzani kuti mukonze akale amatabwa aja kapena muike ofanana nawo, timagalasi take ting'onoting'ono chimodzimodzi. Ife tikuona kuti lamuloli lili bwino, ngakhale limatopetsa. N'limene lasunga machumuni amiyala ndi makoma azipika amene amisiri a zaka za m'ma 1920 ndi 1930 anawasema ndi manja. Perekani pempho lanu m'nyengo yozizira kuti yankho lidzakupezeni chilimwe chisanathe, ndipo kumbukirani kuti ofesi ya nkhalango ikavomera, mufunikanso chilolezo chomangira cha kukhonsolo. Posala penti yakale samalani: nyumba zomangidwa isanafike 1978 zambiri zili ndi penti ya mtovu, ndipo fumbi lake ndi loopsa kwa ana.

Mtengowo ndi wa boma, koma kuuyang'anira ndi udindo wanu. Chilolezo chimati mwini kanyumba aziona mitengo imene ingagwere nyumba, aziuza ofesi, ndipo ikavomera aidule ndi ndalama zake. Zizindikiro za mtengo woopsa ndi izi: nsonga youma, bowa womera patsinde, ming'alu yaitali, utuchi wa tizilombo tofukula pansi pa khungwa, ndi nthaka yotukuka mbali imodzi ya mizu. Jambulani zithunzi, lembani kalata yokhala ndi tsiku, ndipo dikirani kuti adzauike chizindikiro cha penti. Mtengo wopendekera kudenga musaudule nokha. Itanani odziwa ntchitoyo amene ali ndi inshuwalansi, omwe amaudula zidutswazidutswa kuyambira kunsonga.

Moto wa m'nkhalango ukutiopsa chaka chilichonse. Tingatani kuti kanyumba kapulumuke, ndipo kakapsa tingamangenso? — Mayi wina, Idaho

Mantha anu ndi omveka, mayi. Mu 2020 moto wa Bobcat unatentha tinyumba ta mu Big Santa Anita Canyon m'nkhalango ya Angeles, kumene kulibe msewu ndipo katundu amanyamulidwa ndi abulu. Chaka chotsatira moto wa Caldor unapsereza tinyumba tambiri m'mbali mwa msewu wa Highway 50 m'nkhalango ya Eldorado.

Anthu amaganiza kuti nyumba imapsa ndi malawi aakulu aja oyenda pamwamba pa mitengo. Zambiri zimapsa ndi timakala touluka, timene mphepo imatha kutinyamula mtunda woposa kilomita, n'kukatisiya m'ngalande ya madzi ya padenga modzaza masamba ouma a paini, kapena pansi pa khonde pamene munaunjika nkhuni. Kamoto kotero kamanyeka pang'onopang'ono kwa maola, popanda wokazima. Ntchito yanu yaikulu ndi kuchotsa malo ogwerapo timakalato.

Yambani ndi denga. Sesani masamba onse padenga, m'ngalande ndi kuseri kwa chumuni, kumayambiriro kwa chilimwe ndiponso mukamatseka. Ngati denga likadali la timatabwa, pemphani chilolezo muike malata a mtundu wodera. Mabowo onse olowetsa mpweya m'denga ndi pansi pa nyumba atchingeni ndi sefa yachitsulo ya maso a mamilimita 3, yapulasitiki imasungunuka. Pamwamba pa chumuni pakhale sefa yogwira timakala ya maso osaposa theka la inchi, ndipo nthambi zitalikire pakamwa pa chumunicho mamita 3. Kuzungulira khoma, mita imodzi ndi theka yoyambirira ikhale yopanda chilichonse choyaka: nthaka yokha kapena miyala, osati zitsamba, matsache kapena mipando yamatabwa. Kuchokera pamenepo mpaka mafiti 30, omwe ndi mamita 9, chotsani zinyalala zouma, sadzani nthambi za m'munsi kuti moto wa pansi usakwere mumtengo, ndipo mulu wa nkhuni ukhale kunja kwa mzere umenewu. Ku California lamulo limafuna kulambula mpaka mafiti 100, koma poti mtunda umenewo nthawi zambiri umapitirira puloti yanu, gwirizanani ndi ofesi za mmene mulambulire. Musapale nthaka yonse mpaka kuyera mbee kutali ndi nyumba, mvula idzakokolola.

M'kati namo muli moto wake. Nkhuni za paini zosauma bwino zimasiya phula lakuda m'chumuni, ndipo likakhuthala kufika mamilimita 3 limatha kuyaka lokha ndi mkokomo ngati wa ndege. Tsukani chumuni chaka chilichonse. Phulusa liikeni m'chidebe chachitsulo chokhala ndi chivundikiro, chifukwa makala amakhala amoyo m'phulusa masiku angapo. Ngati muli ndi mbaula kapena filiji ya gasi, ikani kachipangizo kolira kakamva mpweya wakupha wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo.

Kumanganso si ufulu wongodzitengera. Kanyumba kakawonongeka koposa theka, ofesi imayamba yaunika ngati malowo akadali oyenera kukhalapo nyumba: kodi phiri lopsalo siligumuka, kodi puloti siili m'njira ya madzi osefukira, kodi mapulani a nkhalangoyo akulolabe. Ikavomera, mumamanga motsatira malamulo a lero, omwe ndi okwera mtengo kuposa a nthawi ya agogo. Ikakana, itha kukupatsani puloti ina ngati ilipo, koma sikuti imapezeka nthawi zonse. Mulimonsemo, kuchotsa phulusa, malata opsa ndi maziko ndi ntchito yanu. Choncho pogula inshuwalansi onetsetsani kuti ikulipira zinthu zitatu: kumanganso pamtengo wa kumapiri, kumene kunyamula zipangizo kumadula; kuchotsa zotsalira za moto; ndi ndalama zowonjezera zofikira malamulo atsopano a kamangidwe. Auzeni akampani poyera kuti nthaka ndi ya boma. Ku California amene akanidwa ndi makampani amathawira ku inshuwalansi yotchedwa FAIR Plan, yomwe imateteza ku moto koma siikhudza zambiri zimene inshuwalansi wamba imakhudza.

Chaka chathu choyamba tinapeza mapaipi ataphulika ndipo pansi ponse pali madzi. Tinatseka mpopi waukulu pochoka. Tinalakwitsa pati? — Wowerenga, Montana

Kutseka mpopi waukulu kumangoletsa madzi atsopano kulowa. Amene ali kale m'mapaipi amakhala momwemo. Madzi akaundana amafufuma ndi 9 peresenti. Chigamba cha ayezi chikatseka paipi pamalo amodzi n'kumakula, chimakankha madzi otsala kulowera kumpopi wotseka, ndipo paipi imang'ambika pamene pali pofooka, kawirikawiri pamfundo kapena pokhota. Mng'aluwo suoneka mpaka ayezi atasungunuka.

Potseka kanyumba chitani motere, ndipo musasinthe ndondomeko yake. Choyamba zimitsani magetsi kapena gasi wa giza. Mukakhuthula giza magetsi ali oyaka, chitsulo chotenthetsera madzi chimapsa nthawi yomweyo. Kenako tsekani madzi kumene amalowera, tsegulani mipopi yonse ya madzi otentha ndi ozizira kuyambira wapamwamba, ndipo tsegulani potulutsira madzi pamalo otsikitsitsa, nthawi zambiri pansi pa nyumba. Mangani payipi yofewa kumunsi kwa giza muikhuthule yonse. M'tinyumba takale mapaipi amakhala atalendewera pakati, ndipo m'malo olendewerawo mumatsalira madzi, choncho pemererani ndi kompulesa pamphamvu yosaposa 50 psi, mpopi umodzi umodzi, mpaka kutuluke mpweya wokhawokha. Musaiwale shawa, mpopi wa panja, pampu ndi chosefera madzi.

Chimbudzi chigujumuleni, mukamwetse madzi otsala m'thanki ndi siponji. Pansi pa sinki iliyonse pali paipi yopindika imene imasunga madzi kuti fungo lisabwerere. Imeneyo siikhuthulika yokha. Thiranimo makapu awiri a mankhwala oletsa kuundana apinki amene amagulitsira magalimoto ogonamo, ndipo m'mbale ya chimbudzi muthire okwanira kuphimba bowo. Musagwiritse ntchito a mu injini ya galimoto: ndi poizoni, amatsekemera, nyama zimawanyambita, ndipo amakathera m'nthaka ya nkhalango. Mipopi isiyeni yotsegula nyengo yonse yozizira. Chotsani zakudya zonse, ngakhale zam'zitini ndi zam'mabotolo, chifukwa zimaphulika ndi kuzizira, ndipo fungo lake limaitana zimbalangondo zimene zimathyola chitseko ngati bango. Kumene sinowo amagwa wambiri, eni ena amaimika mizati yongoyembekezera pansi pa mitanda ya denga ndi kutchinga mawindo ndi matabwa.

Potsegula kanyumba timapeza zitosi za mbewa paliponse. Kusesa sikokwanira? — Mayi wina, New Mexico

Chonde mayi, musasese ndipo musagwiritse ntchito makina opopa fumbi. Mbewa za kutchire za kumadzulo kwa America, makamaka za mtundu wa deer mouse, zimanyamula kachilombo ka hantavirus m'mikodzo ndi m'zitosi. Tsache limaulutsa fumbi lake, munthu n'kulipuma. Matendawa sagwira anthu ambiri, koma akafika m'mapapo amapha pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu.

Tsegulani zitseko ndi mawindo, mutuluke panja kwa mphindi 30. Valani magolovesi a labala. Sakanizani gawo limodzi la jiki ndi magawo 9 a madzi, munyowetse zitosi ndi zisa mpaka zitanyowa ndithu, mudikire mphindi 5, kenako mupukute ndi mapepala n'kuwamanga m'majumbo awiri. Kolopani pansi ndi madzi omwewo, ndipo zofunda muzichape ndi madzi otentha. Wina akayamba kutentha thupi ndi kuphwanya m'minofu pakati pa sabata imodzi ndi masabata 8 kuchokera tsikulo, makamaka akayamba kubanika, athamangire kuchipatala ndipo auze dokotala kuti anakonza m'nyumba munali mbewa. Mawu amenewo ndi amene amathandiza dokotala kuganizira matendawa msanga.

Mbewa imalowa pabowo la mamilimita 6, lolowa pensulo. Tsekani mozungulira mapaipi ndi m'ming'alu ya maziko ndi waya wotsukira mapoto kapena sefa yachitsulo. Tcherani misampha m'malo mwa mankhwala, poti mbewa yodya poizoni imakadyedwa ndi kadzidzi kapena nkhandwe, n'kuphanso izo.

Bambo athu anamwalira n'kutisiyira kanyumba ana anayi. Tonse tingalembedwe pachilolezo? Ndipo kodi boma lingadzatichotse tsiku lina? — Wowerenga, Minnesota

Pepani ndi imfa ya bambo anu. Kanyumbako mutha kukhala nako nonse anayi, koma pachilolezo pamalembedwa munthu mmodzi, kapena mwamuna ndi mkazi wake, kapena woyang'anira thumba la banja lotchedwa trust limene ofesi yalivomereza. Kampani siiloledwa. Dziwitsani ofesi za imfayi msanga, mupereke zikalata zosonyeza amene walandira katunduyo, ndipo musankhe mmodzi woti aziyankha zonse. Ofesi imalankhula ndi iye yekha, bilu imapita kwa iye, ndipo mlandu ukapezeka umagwera iye ngakhale wolakwa ali mng'ono wake.

N'chifukwa chake tikukulangizani kuti mulembe mgwirizano wa pakati panu mudakali omvana. Mulembemo mmene muzigawana ndalama za pachaka, ndani azipita masabata ati, ndani azitsegula ndi kutseka, thumba la zokonzetsa lizikhala ndi zingati, ndiponso chochita mmodzi akafuna kutulukamo: mtengo wa gawo lake uziwerengedwa bwanji, ndipo abale akhale oyamba kupatsidwa mwayi wogula. Tinyumba tambiri timachoka m'banja pa m'badwo wachitatu, pamene zidzukulu zachuluka, ena ali kutali, ndipo denga likufuna ndalama zimene palibe anazikonzekera.

Za kuchotsedwa, n'zotheka koma sizichitikachitika. Boma likaganiza kuti malowo adzafunika pa ntchito ina chilolezo chikadzatha, ndondomeko yake imati likudziwitseni zaka 10 zisanakwane. Likafuna malowo mwamsanga chilolezo chisanathe, chifukwa cha zofuna za anthu onse, limapereka masiku 180 ndi chipukutamisozi. Koma chilolezo chikalandidwa chifukwa cha kulakwa kwanu, monga kusalipira, kukhalamo chaka chonse kapena kumanga popanda kalata, chipukutamisozi palibe, ndipo mumalamulidwa kugwetsa kanyumbako, kuchotsa maziko ndi thanki ya zonyansa, ndi kubwezeretsa malowo mmene analili, zonse ndi ndalama zanu. Amene musankhe kuti alembedwe pachilolezo akhale uja amatsegula makalata tsiku lomwe afika, ndipo adilesi yake ikasintha azidziwitsa ofesi sabata yomweyo.